George Inn: Chigono Chimene Chinatsala Chokha mu Southwark

Munthu woyenda mu msewu wa Borough High Street, kum'mwera kwa mtsinje wa Thames mu mzinda wa London, akhoza kudutsa pamalopa osazindikira kanthu. Msewuwo ndi waphokoso, mabasi ofiira amangosinthana, ndipo anthu amakhala ali pa liwiro kuthamangira sitima ku siteshoni ya London Bridge. Koma pakati pa masitolo pali kachipata kopapatiza. Wolowa pamenepo amangozindikira waima m'bwalo la miyala, ndipo kudzanja lake lamanja kwatambalala nyumba yaitali ya makonde awiri a matabwa, lina pamwamba pa linzake, opindika ndi ukalamba. Imeneyi ndiyo George Inn, nyumba ya alendo imene inamangidwa mu 1677 pamalo pamene panali inzake yakale kwambiri. Mu London munali zigono zambiri za makonde zimene zinkalandira ngolo zokokedwa ndi mahatchi, koma lero chatsala ndi ichi chokha, nachonso ndi mbali imodzi chabe ya nyumba imene inalipo.

Mlatho umodzi, misewu iwiri

Chiyambi cha George chili pa mlatho. Aroma atalanda dziko la Britain m'chaka cha 43, anafuna malo owolokera Thames. Tsidya lakum'mwera linali la madambo ndi tizilumba ta mchenga, ndipo pa Southwark ndi pamene anapeza nthaka yolimba yoti n'kuimikapo mlatho wa mitengo. Misewu iwiri ikuluikulu inkakumana chakum'mwera kwake: wina wochokera ku Dover kudzera ku Canterbury, umene pambuyo pake unatchedwa Watling Street, ndi wina wochokera ku Chichester, wotchedwa Stane Street. Ikakumana, inkasanduka msewu umodzi wolunjika pamlatho, ndipo msewuwo ndi umene lero ukutchedwa Borough High Street.

Mlatho wa miyala unayamba kumangidwa mu 1176 n'kutha mu 1209. Unali ngati mudzi woima pamadzi, chifukwa pamwamba pake panali nyumba, masitolo ndi kachalichi kakang'ono. Kwa zaka zoposa 500 mzinda wa London unalibe mlatho wina, mpaka pamene wa Westminster unatsegulidwa mu 1750. Aliyense wochokera ku Kent, ku Surrey, ku Sussex kapena kutsidya la nyanja kudzera ku Dover ankayenera kudzera pakhosi limodzi lomwelo, ndipo kumapeto kwake kwa kum'mwera kunali chipata chimene ankachitseka usiku.

Chipata chimenecho ndi chimene chinabala zigono za Southwark. Wamalonda amene wafika kutada ankapeza khomo lili chitsekere, ndipo ankafuna pogona, khola la hatchi yake ndi posunga katundu. Wofuna kulawirira ulendo wa kum'mwera naye ankaona chanzeru kuwoloka madzulo n'kugona tsidya lino kuti m'mbandakucha asadikire alonda. Choncho nyumba za alendo zinandandalikana m'mbali mwa msewu, khomo ndi khomo. Popeza malo oyang'ana kumsewu anali odula, aliyense ankapeza kachigawo kopapatiza kutsogolo koma kotalika kwambiri kumbuyo. Maonekedwe a George lero akuchokera m'kagawidwe ka malo kameneko.

Nthawi ya opita ku Canterbury

Pa 29 Disembala 1170 asilikali anayi a Mfumu Henry II anapha Thomas Becket, mkulu wa mabishopu, m'tchalichi chake ku Canterbury. Pasanathe zaka zitatu, mpingo unamuika m'gulu la oyera, ndipo manda ake anasanduka malo amene anthu ankapitako kukapempha machiritso ndi kukakwaniritsa malumbiro. Kachalichi ka pamlatho kaja kanapatsidwa dzina la Becket, moti ulendo wa ku Canterbury, wa makilomita pafupifupi 95, unkayambira pompo.

Panjira panali achifwamba, choncho anthu sankayenda okhaokha. Ankasonkhana m'zigono za Southwark mpaka gulu litakwana. Chigono chotchuka pa nthawiyo chinali Tabard, choyandikana khoma ndi khoma ndi malo a George. Kumeneko ndi kumene Geoffrey Chaucer, polemba The Canterbury Tales chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, anasonkhanitsira apaulendo ake, ndipo mwini chigono wa m'bukulo, Harry Bailey, anali munthu weniweni amene anaimirapo Southwark ku nyumba ya malamulo. Mbali inayo ya George kunali White Hart. Mu 1450 Jack Cade, amene ankatsogolera anthu a ku Kent pogalukira Mfumu Henry VI, anasandutsa White Hart likulu lake, ndipo nkhondo yake ndi anthu a mu mzinda inamenyedwa usiku pamlatho pomwepo.

George inali pakati pa anansi awiri otchukawa, yosatchulidwa kwenikweni. Dzina lake linachokera kwa George Woyera, nkhoswe ya dziko la England, amene pazithunzi amaoneka ali pa hatchi akubaya chinjoka. M'masiku amene anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, chithunzi chopachikidwa pakhomo ndicho chinali dzina la nyumba. Mlendo ankangouzidwa kuti akafunefune pamene pali munthu wa mkondo ndi chinjoka. Chigonochi chikuoneka pa mapu a Southwark ojambulidwa cha m'ma 1542, ndipo mu 1598 John Stow, polemba za mzinda wa London, anachitchula pamodzi ndi Spur, Queen's Head, Tabard, White Hart ndi King's Head monga nyumba zabwino zolandirira apaulendo.

Pofika nthawi imeneyo maulendo a ku manda a Becket anali atatha. Mfumu Henry VIII, itapatukana ndi Papa, inalamula mu 1538 kuti mandawo aphwasulidwe. Zigono zinataya alendo amene zinkawadalira kwa zaka zoposa 350, koma msewu sunaume. M'malo mwa opita kukapemphera munabwera amtengatenga a ngolo zikuluzikulu zonyamula ubweya wa nkhosa, nsalu, tirigu, zipatso ndi makalata. Aliyense anali ndi chigono chake ndi tsiku lake lofika. Mu 1637 John Taylor anasindikiza kabuku kofotokoza kumene amtengatenga a tawuni iliyonse amagona mu London, kuti munthu wofuna kutumiza phukusi kwawo adziwe khomo loti agogode.

Tsidya la zisudzo ndi ndende

Southwark inali kunja kwa malinga a mzinda, ndipo zimene akuluakulu a London sankazifuna pakhomo pawo zinkathamangira tsidya limeneli. Kunali ndende zingapo, monga Clink ndi Marshalsea, mabwalo omenyanitsira agalu ndi zimbalangondo, mafakitale a zikopa onunkha, ndiponso nyumba za zisudzo. Rose inatsegulidwa mu 1587, Globe mu 1599. Nyumba zoterezi zisanamangidwe, magulu a zisudzo ankasewera m'mabwalo a zigono. Osauka ankaimirira pansi, olemera n'kukhala m'makonde, ndipo kamangidwe ka Globe, ka bwalo lopanda denga lozunguliridwa ndi makonde osanjikizana, kamakumbutsa zigono zomwezo.

Anthu a m'derali akhala akunena, m'badwo ndi m'badwo, kuti William Shakespeare ankamwa ku George. Anakhaladi ndi kugwira ntchito mu Southwark, ndipo mng'ono wake Edmund anaikidwa m'manda mu 1607 pa tchalichi cha St Saviour, chimene lero ndi Southwark Cathedral, kamtunda kochepa kuchokera pachigonochi. Ngati anamwadi pamenepa, anamwera m'nyumba yakale ija, chifukwa iye anamwalira mu 1616, nyumba ya lero isanaganiziridwe n'komwe. Mu 1607 momwemo, pa tchalichi chomwecho, panabatizidwa mwana wa wogulitsa nyama, dzina lake John Harvard. Mayi ake anamusiyira chigono cha Queen's Head, zitseko zochepa kuchokera pa George. Iye anasamukira ku America mu 1637, ndipo chuma ndi mabuku amene anasiya pomwalira zinapita ku sukulu imene lero ndi yunivesite ya Harvard.

Moto wa 1676

Moto waukulu wa mu 1666 unanyeketsa mbali yaikulu ya London koma sunawoloke mtsinje. Southwark inapulumuka ndi nyumba zake za matabwa zothithikana, zodzaza udzu wa mahatchi, mafuta ndi makandulo. Patapita zaka 10, tsoka linafika. M'bandakucha wa pa 26 Meyi 1676 moto unabuka m'sitolo ya wogulitsa mafuta ndi utoto pafupi ndi George. Unalusa tsiku lonse, ndipo anthu anauletsa pophulitsa nyumba zina ndi onga kuti usowe polumphira. Nyumba pafupifupi 500 zinapsa. George, Tabard, White Hart ndi King's Head zonse zinasanduka phulusa.

Mlatho unali pomwepo ndipo ngolo zinkabwerabe, choncho eni malo sanazengereze. Pofika 1677 George inali itaimanso. Omanga anatsata maziko akale ndi kamangidwe kakale, moti nyumba imene ilipo lero imaonetsa mmene zigono za m'nthawi ya Chaucer ndi Shakespeare zinkaonekera, ngakhale kuti matabwa ake ndi a pambuyo pa moto. Tabard nayo inamangidwanso, koma dzina linasintha n'kukhala Talbot.

George yatsopanoyo inazungulira bwalo mbali zitatu. Makonde ake sanali okongoletsera. Popeza malo anali opapatiza, msana wa zipinda unkagundana ndi khoma la chigono choyandikana nacho, moti kumbuyo kunalibe poika zenera kapena njira. Kuwala, mpweya ndi khomo la chipinda chilichonse zinkachokera kubwalo, ndipo khonde ndilo linali njira yopitira kuchipinda. Mlendo akaima pamenepo ankaona katundu wake akupakiridwa pansi, ndipo wantchito wa m'bwalo akamva kuitana ankangokweza maso n'kudziwa chipinda chimene chikumufuna. Kuseri kwa bwalo loyambalo kunali lina lalitali, la makola a mahatchi ndi mosungira katundu.

Masiku a ngolo za mahatchi

Ngolo zonyamula anthu pa mtengo wokhazikika ndi pa masiku odziwika zinayamba kuoneka mu England chapakati pa zaka za m'ma 1600. Zoyambazo zinali zolemera, zopanda masipuling'i, ndipo m'nyengo yozizira zinkatitimira m'matope mpaka apaulendo kutsika n'kumakankha. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Kuyambira mu 1663 nyumba ya malamulo inayamba kulola kuti pamisewu paikidwe zipata zolipiritsa, ndalama zake n'kumakonzera msewu, ndipo pofika m'ma 1770 zipata zoterezi zinali ponseponse. Mu 1784 John Palmer anayambitsa ngolo zonyamula makalata pakati pa Bristol ndi London, ulendo umene unatenga maola 16, ndipo eni ngolo ena anakakamizika kuyamba kusunga nthawi. Kenaka John Loudon McAdam anaphunzitsa dziko kumanga misewu ndi miyala yophwanyidwa bwino, yotsetsereka m'mbali kuti madzi asaime. Ulendo wa ku Edinburgh, umene cha m'ma 1750 unkatenga masiku 10 kapena kuposa, pofika m'ma 1830 unkatheka m'masiku awiri.

Chinsinsi cha liwirolo chinali kusinthanitsa mahatchi. Msewu unagawidwa m'zigawo za makilomita 16 mpaka 24, ndipo kumapeto kwa chigawo chilichonse kunali chigono chokhala ndi mahatchi anayi opumula, omangidwa kale zingwe. Ngolo ikamayandikira, mlonda wokhala kumbuyo ankaliza lipenga. Anyamata a m'khola ankatuluka chothamanga, kumasula mahatchi a thovu kukamwa, kumanga atsopano, ndipo pasanathe mphindi zochepa chikwapu chinkalira. Eni ngolo ankawerengera kuti njira yothamanga imafuna hatchi imodzi pa mailo iliyonse, ndipo hatchi yogwira ntchito imeneyi inkatha mphamvu m'zaka zitatu kapena zinayi.

George inali poyambira ndi pothera pa ngolo zopita ku matawuni a ku Kent ndi Sussex, monga Canterbury, Dover ndi Maidstone. M'mawa kusanayere bwalo lake linkakhala lodzaza kale. Nyali zikuyaka m'makonde, wopukuta nsapato akutolera nsapato pazitseko, atsikana antchito akukwera masitepe ndi mitsuko ya madzi otentha, kalaliki ali ndi buku lake akuitana maina a amene alipira. Olemera ankakhala m'kati mwa ngolo, anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi, mawondo akugundana, mapazi ali mu udzu wouma kuti asazizidwe. Ena onse ankakwera padenga, pa theka la mtengo, n'kumalimbana ndi mvula ndi chisanu atagwiritsa kachitsulo ka m'mbali. Woyendetsa ankafunika luso kuti atulutse mahatchi anayi ndi ngolo yodzaza pa kachipata kopapatiza kaja popanda kukhula khoma, ndipo a padenga ankaweramitsa mitu podutsa. Kutsogolo kunali Blackheath, Shooter's Hill ndi Gad's Hill, malo amene mbiri ya achifwamba a pa hatchi inkachititsa apaulendo kubisa ndalama m'nsapato.

Zipinda za pansi zimene alendo amamweramo lero zinali ndi ntchito zake. China chinali chodikirira apaulendo ndi oyendetsa ngolo. China chinali chomwera khofi, mmene anthu a ndalama ankawerenga nyuzipepala ndi kulemba makalata. M'chipinda chodikirira muja muli wotchi yaikulu ya pakhoma, ya mtundu umene Angelezi amautcha wotchi ya lamulo la nyumba ya malamulo. Mu 1797 boma la William Pitt, pofuna ndalama za nkhondo yolimbana ndi France, linaika msonkho wa mashileni 5 pa wotchi iliyonse ya m'nyumba. Anthu anasiya kugula mawotchi, amisiri ake anadandaula, ndipo chaka chotsatira msonkhowo unathetsedwa. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti eni zigono anapachika mawotchi akuluakulu kuti athandize anthu amene analibe awo. Mawotchi oterewa analipo kale msonkhowo usanabwere, chifukwa pamalo pamene ngolo zimanyamuka pa ola lake pamafunika wotchi yooneka ndi aliyense, koma dzinalo linakakamira.

Mnyamata wa ku Lant Street

Mu 1824 kalaliki wina wa boma, John Dickens, anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea chifukwa cha ngongole. Ndendeyo inali mu msewu womwewu, chakum'mwera kwa George. Mwana wake Charles, wa zaka 12, ankagwira ntchito yomata mapepala pa mabotolo a polishi wa nsapato, ndipo anamupezera kachipinda ku Lant Street kuti azitha kudya ndi makolo ake m'ndendemo. Mnyamatayo ankadutsa pa zipata za zigonozi zili pachimake, ndipo sanaziiwale. M'buku lake The Pickwick Papers, limene linayamba kutuluka mu 1836, owerenga amakumana ndi Sam Weller akupukuta nsapato m'bwalo la White Hart. Mu Little Dorrit, limene nkhani yake yagona pa ndende ya Marshalsea, George ikutchulidwa ndi dzina monga malo amene munthu amalowa kukalemba kalata.

Dickens ankalemba za dziko limene linali litayamba kale kutha. Mu Disembala 1836 njanji ya London and Greenwich inafika pa London Bridge, ikuyenda pamwamba pa mlatho wa njerwa wautali wodutsa pa madenga a anthu. Siteshoniyo inali mphindi zochepa chabe kuchokera pachipata cha George. Mu 1841 sitima inafika ku Brighton, ndipo mu 1844 inafika ku Dover. Ngolo ya mahatchi, ngakhale yothamanga, inkayenda makilomita pafupifupi 16 pa ola, pamene sitima inkanyamula anthu mazana pa liwiro loposa kawiri ndi pa mtengo wotsika. Pasanathe zaka 15, njira zimene zinkadyetsa zigono za Southwark zinali zitafa. Oyendetsa ngolo otchuka anakhala opanda ntchito, makola anakhala pululu, ndipo zipinda zogona zinayamba kubwerekedwa kwa amalonda monga maofesi ndi mosungira katundu.

Chimene chinachirikiza George pa nthawi yovutayo ndi mbewu ya hop, imene maluwa ake amapatsa mowa kuwawa ndi fungo. Minda yake yambiri inali ku Kent, ndipo msika wake unali mu Southwark, kufupi ndi mafakitale akuluakulu a mowa monga Anchor Brewery ya Barclay Perkins. Mu 1867 nyumba yaikulu ya malonda a mbewuyi, Hop Exchange, inatsegulidwa mu Southwark Street. Amalonda a hop anatenga zipinda m'bwalo la George, ndipo masana ankadzaza chipinda cha khofi chija kudya nyama yootcha ndi kukambirana mitengo.

Chipatala, njanji ndi zida zogumulira

Mu 1849 chipatala cha Guy's, chimene chinakhazikitsidwa mu 1721 ndipo chili kuseri kwa chigonochi, chinagula malo a George n'kutenga gawo la kumbuyo kuti chikulitse malo ake. Mu 1874 chinagulitsa chotsalacho ku kampani ya njanji ya Great Northern Railway. Kampaniyo sinkafuna nyumba ya alendo. Inkafuna bwalo lapakati pa mzinda lolandirira katundu wopita ku siteshoni yake. Mu 1889 inagumula mbali ya kumpoto ndi ya pakati, makonde ndi zonse, n'kumangapo madepoti. Inasiya mbali ya kum'mwera yokha.

Anansi a George analibe mwayi ngakhale wochepa chotero. Tabard ya Chaucer inagumulidwa m'ma 1870, anthu akudandaula m'nyuzipepala koma popanda lamulo loiteteza. White Hart inatsatira mu 1889. King's Head ndi Queen's Head nazo zinapita. Tsidya la kumpoto kwa mtsinje, chigono china cha makonde chotchedwa Oxford Arms chinagwetsedwa m'ma 1870, ndipo chisoni cha kutha kwake chinachititsa anthu ena kuyambitsa bungwe lojambula zithunzi za nyumba zakale za London zisanatheretu. Maganizo oti nyumba yakale ili ndi phindu loposa malo amene yaimapo anali akungophuka kumene. William Morris anayambitsa bungwe loteteza nyumba zakale mu 1877, ndipo National Trust inabadwa mu 1895. Kwa zigono zambiri za Borough High Street thandizolo linafika mochedwa. Chimene chatsala ndi maina pa timisewu topapatiza: Talbot Yard, White Hart Yard, King's Head Yard, Queen's Head Yard.

Mbali yotsala ya George inasungidwa ndi amayi awiri. Amelia Murray anatenga chigonochi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, ndipo atamwalira, mwana wake Agnes Murray anapitiriza mpaka imfa yake mu 1934. Agnes amakumbukiridwa monga mayi amene sankalola kuti chilichonse chisinthidwe. Mabedi akale a mizati inayi, aatali moti munthu ankakwera ndi timasitepe, anakhalabe m'zipinda. Madzi osamba ankakwezedwabe ndi manja. Nyumba zina zomwera mowa mu London zinkagwetsa makoma a m'kati, kuika magalasi akuluakulu ndi kauntala yaitali, koma ku George tizipinda tating'onoting'ono, mipando ya misana itali-itali ndi malo osonkhera moto zinakhala mmene zinalili. Kunja ngolo za kampani ya njanji, kenaka malole, zinkapakira katundu, m'kati alendo akudya monga ankadyera agogo awo.

Kukana kusinthako ndi kumene kunayamba kukopa anthu a mtundu wina. Okonda mabuku a Dickens, makamaka ochokera ku America, ankafika kudzafuna London ya m'mabukumo, ndipo pa zigono zonse zija ankapeza George yokha. Ena anayamba kunena kuti bwalo la Sam Weller linali lomweli, ndipo B. W. Matz, mmodzi mwa oyambitsa bungwe la Dickens Fellowship, analemba kabuku ka mbiri ya George mu 1918. Magulu a zisudzo anayamba kusewera zigawo za Dickens ndi Shakespeare m'bwalomo, oonera atatsamira m'makonde monga zinkachitikira zaka 300 m'mbuyomo.

M'manja mwa National Trust

Makampani a njanji ataphatikizidwa mu 1923, George inagwera m'manja mwa London and North Eastern Railway. Agnes Murray atamwalira, nyumbayo inali yofooka, ndipo kuikonza kunkafuna ndalama zimene kampani ya sitima inalibe nazo chidwi. Mu 1937 kampaniyo inapereka George kwa National Trust, bungwe limene lamulo limalilola kusunga malo mpaka kalekale popanda kuwagulitsa. Motero njanji, imene inapha ntchito ya chigonochi n'kugwetsa mbali ziwiri mwa zitatu za nyumba yake, ndi imenenso inapereka chotsalacho kwa ochiteteza.

Patangopita zaka zitatu, ndege za Germany zinayamba kuponya mabomba pa London. Southwark, ya madoko, njanji ndi mosungira katundu, inapsa kwambiri mu 1940 ndi 1941, ndipo misewu yathunthu inafafanizika. Makonde a matabwa a George anatuluka m'nkhondoyo ali chiimire. Nkhondo itatha, madoko anatsekedwa mmodzimmodzi, malonda a hop anachoka, depoti ya njanji inatha ntchito, ndipo mbali ya bwalo imene inagumulidwa mu 1889 pano ili ndi maofesi amakono.

Lero George ili m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa ndi lamulo mu England, gulu limene muli matchalichi akuluakulu ndi nyumba zachifumu. National Trust sinaisandutse nyumba yongoonetsera zakale. Imaibwereketsa ku kampani ya mowa ya Greene King, ndipo khomo ndi lotseguka kwa aliyense popanda tikiti. Alendo sagonanso pamenepa, chifukwa zipinda za m'mwamba zinasanduka modyera, koma masitepe ake ndi omwe aja, olira munthu akaponda, ndipo pansi m'popendekeka moti woperekera zakudya watsopano amayamba waphunzira kayendedwe kake. Mu 2012 Pete Brown anatulutsa buku la mbiri ya malowa lotchedwa Shakespeare's Local, chaka chomwe nsanja ya galasi ya Shard, yotalika mamita 310, inamalizidwa pafupi ndi siteshoni ya London Bridge.

Madzulo a tsiku la ntchito bwalo limadzaza. Pamabenchi pamakhala anamwino ndi ophunzira udokotala ochokera ku Guy's, amalonda a pa Borough Market atatseka mabenchi awo, antchito a m'maofesi, ndi alendo a mayiko akutali atakweza mafoni kuti ajambule makonde ndi nsonga ya Shard pa chithunzi chimodzi. Ambiri a iwo akudikira sitima ya ku Kent kapena ku Sussex, njira zomwe zija za ngolo, ndipo nthawi ikayandikira amamaliza chakumwa, kutola zikwama, n'kutulukira pa kachipata kopapatiza kupita kusiteshoni.